Kodi cochlear implant indilanda kumva kumene kwanditsalira?

"Zikomo adokotala. Ndine mayi wa zaka 43, ndimasoka zovala ku Johannesburg. Mu 2016 ndinadwala TB yosamva mankhwala ndipo ndinabayidwa jakisoni wa kanamycin kwa miyezi 6. TB inatha koma makutu anawonongeka. Galimoto ikamadutsa ndimamva, chitseko chikamenyetsedwa ndimamva, mawu a amuna anga ndimawamvako. Koma ana akamalankhula ndimangomva phokoso osatolapo kanthu, ndipo foni ikalira sindidziwa. Ndayesa makina othandizira kumva a mitundu iwiri, amangondisokosera. Madokotala akuti andiike cochlear implant kukhutu lamanja, koma pafomu alemba kuti kumva kotsalako kukhoza kutheratu. Ndili ndi mantha. Ndivomere?"

Pepani kwambiri, mayi. N'zowawa kuti mankhwala amene anakupulumutsani ndi omwenso anakusiyirani vutoli. Mantha anuwo ndi omveka, ndipo madokotala anachita bwino kukuuzani poyera. Komabe mtima ukhale m'malo. Fomuyo ikunena zimene zingachitike, sikuti zimagwera aliyense. Cochlear implant ndi chipangizo chimene amaika pansi pa khungu kuseri kwa khutu, chokhala ndi kawaya kolowa m'kati mwa khutu, ndipo masiku ano pali kachitidwe ka opaleshoniyi kamene cholinga chake ndi kusunga kumva kotsala, ndipo anthu ambiri amatuluka nako. Dokotala woona mtima sangakulonjezeni kuti kudzakhala mpaka kalekale. Nkhani yaikulu ndi kukonza zinthu m'njira yoti kumvako kukatsala mupindule pawiri, kukapita musabwerere pomwe muli lero. Kumbukiraninso kuti khutu lamanzere salikhudza. Ngakhale zitavuta chotani kumanjaku, simudzadzuka muli m'chete.

Tiyambire pa zimene zinachitika m'khutu mwanu. M'kati mwenimweni muli kachigoba kopota ngati ka nkhono, kosaposa njere ya mtedza, kamene madokotala amakatcha cochlea. Kamazungulira kawiri ndi theka, ndipo kutakatambasula kangafike pafupifupi mamilimita 35, ngakhale anthu amasiyana. Muli madzi, komanso timaselo ta ubweya pafupifupi 15,000 tomwe timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaseloti tinandandalikidwa ngati makiyi a kiyibodi ya kwaya: mawu opyapyala amamvekera pakhomo pa kachigobako, mawu a besi amamvekera m'kati, kunsonga. Kanamycin, amikacin, gentamicin ndi streptomycin amayamba kupha timaselo ta pakhomo n'kumalowa m'kati pang'onopang'ono, ndipo timene tafa sitimeranso. Mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti kanamycin asiyidwe pochiza TB yosamva mankhwala, koma kwa inu uthengawo unafika mochedwa.

N'chifukwa chake mumamva koma osazindikira. Mphamvu ya a, e, i, o, u ili kubesi komwe kuli moyo, pomwe s, f, ts ndi ch zili kopyapyala komwe kunafa. Mwana akati "tsamba", "samba" kapena "chamba", kwa inu zonse ndi "amba". Makina othandizira kumva amangokweza mawu, ndiye akakweza pamalo pamene palibe timaselo tolandira, chimene mumapeza ndi chisokonezo chimene mwanenacho.

Tengani pepala la zotsatira za kuyeza makutu, lija amati audiogram. Pamwamba pali manambala 125, 250, 500, 1000 mpaka 8000 Hz, kuchoka kubesi kupita kopyapyala. M'mbali muli 0 mpaka 120 dB, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti kumva kwachepa. Kwa munthu ngati inu mzere umayambira pamwamba kumanzere n'kugwa ngati phompho kumanja. Muyezo umene ku America amagwiritsa ntchito posankha anthu oyenera implant yosunga kumva kwa besi ndi wakuti pa 125, 250 ndi 500 Hz munthu asapitirire 60 dB, pomwe pa 2000, 3000 ndi 4000 Hz akhale pa 75 dB kapena kuposa, ndipo akayesedwa mawu amodziamodzi atavala makina, azitola pakati pa 10 ndi 60 pa 100 alionse kukhutu lofuna opaleshonilo. Zipatala zina zimasinthako pang'ono malirewa.

Mwina mungafunse kuti besi yotsalayo ndi yofunika bwanji ngati implant ibweretsa mawu. Ndi yofunika kwambiri, makamaka kwa ife olankhula Chichewa. Implant imatumiza magetsi ku mtsempha wa kumva kudzera pa timfundo ta pa kawaya kake, 12 mpaka 22 tokha, malingana ndi kampani, m'malo mwa timaselo zikwizikwi tija. Imachita bwino pobweza s ndi ts, koma imafooka pa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kukwera ndi kutsikako kumakhala chapakati pa 100 ndi 250 Hz, momwemo mmene mukumva bwinomo. Munthu akati "mtengo wa mango", kaya akunena womera pakhomo kapena ndalama zogulira, kamvekedwe ka liwu ndi kamene kamasiyanitsa. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Besi yachilengedwe imathandizanso kutsatira liwu limodzi pakati pa phokoso la pamsika, imapatsa nyimbo kukoma kwake, ndipo ikakhalapo kumakutu onse awiri ubongo umayerekeza khutu limene layamba kulandira mawu, n'kudziwa mbali imene galimoto ikuchokera.

Kale ankati kuika implant ndi kutsanzikana ndi kumva kwachilengedwe. Mu 1993 Ernst Lehnhardt wa ku Hannover analemba za opaleshoni yofatsa yosavulaza m'kati mwa cochlea. Mu 1999 Christoph von Ilberg wa ku Frankfurt anaonetsa kuti khutu limodzi lingalandire mawu achilengedwe ndi a magetsi nthawi imodzi, njira imene pano amaitcha EAS kapena hybrid. Bruce Gantz ku Iowa anayesa timawaya tatifupi ta mamilimita 6 kenako 10. Ku Poland, Henryk Skarżyński anachita opaleshoni ya munthu wamkulu womva besi yokha mu 2002, ndi ya mwana mu 2004, polowera pa kazenera kachilengedwe ka cochlea. Ndiye si zoyeserera pa inu ayi, zatha zaka zoposa 20.

Opaleshoni imatenga pafupifupi maola awiri muli mtulo. Amacheka kuseri kwa khutu, n'kubowola fupa la pamenepo, kenako n'kutsegula kampata ka mamilimita awiri kapena atatu pakati pa mtsempha woyendetsa nkhope ndi wa kulawa. Kudzera pa kampatako amaona kazenera kozungulira kotsekedwa ndi kanembanemba kopyapyala. Kufika pamenepa implant iliyonse imaikidwa chimodzimodzi. Kusiyana kumayambira apa.

Kazenerako kamabisika ndi kamlomo ka fupa. Dokotala amapala kamlomoko ndi kobowolera ka diamondi mozungulira pang'onopang'ono, chifukwa phokoso la kubowola pafupi ndi cochlea limatha kupitirira 100 dB n'kuvulaza timaselo kawaya kasanalowe n'komwe. Akatero amatsuka, amaletsa magazi onse, amayamba wakhazika gawo la implant lokhala pansi pa khungu, ndipo kazenera amakaboola pomalizira penipeni ndi kasingano. Chifukwa chake n'chakuti dontho la magazi kapena fumbi la fupa likalowa m'kati limayambitsa kutupa, kutupako n'kudzasanduka chipsera kapena fupa latsopano. Sayamwanso madzi a m'cochlea ndi paipi yokokera. Timafupa titatu ta pakati pa khutu amatisiya osatikhudza, poti besi yanu idzapitiriza kudutsa momwemo.

Cochlea ili ndi timipanda titatu totsatana m'litali mwake. Kawaya, kamene nsonga yake siifika ngakhale theka la milimita, kayenera kulowa m'kampanda ka pansi, scala tympani, ndi kukhala momwemo mpaka kumapeto. Denga la kampandako ndi nembanemba imene timaselo ta ubweya tinakhalapo. Kawaya kakaboola dengalo, madzi a mitundu iwiri amene sayenera kukumana amasakanikirana, ndipo a pamwambawo, omwe ali ndi potaziyamu wambiri, amawononga timaselo. Zikatero kumva kotsala kawirikawiri kumatha. Liwiro nalonso ndi nkhani. Cochlea ndi yodzaza madzi ndipo ilibe potulukira, ndiye kukankha kawaya mofulumira kuli ngati kukankha jakisoni wotseka kukamwa. Dokotala wosamala amalowetsa mosadukiza koma mofatsa kwambiri, ena mpaka mphindi ziwiri kapena kuposa pa mtunda wa masentimita awiri okha, ndipo akamva kulimba amaima, sakakamiza. Pomaliza amatseka m'mbali mwa kawaya ndi kachidutswa kakang'ono ka mnofu wanu. Kakachuluka kamaumitsa kazenera, kumva n'kutsika.

Pali zothandizira zina ziwiri zoti mufunse. Choyamba ndi mankhwala oletsa kutupa a steroid, kawirikawiri dexamethasone, amene amaperekedwa m'mitsempha opaleshoni ikamayamba, ena amathiranso pa kazenera, ena amapitiriza ndi mapiritsi kwa masiku angapo. Inu muwakumbutse za TB ija, ndipo ngati muli ndi shuga kapena mukumwa ma ARV muwauze, chifukwa steroid amakweza shuga, amachepetsa chitetezo, ndipo sagwirizana ndi mankhwala ena. Chachiwiri ndi kuyeza kotchedwa ECochG. Amaika kasipika m'khutu kolira mawu a besi, mwachitsanzo 500 Hz, ndipo implant yomweyo imamvetsera mmene timaselo tikuyankhira kawaya kakamalowa. Yankho likagwa mwadzidzidzi, dokotala amaima kapena kubweza kawaya pang'ono. Si chipatala chilichonse chili ndi zimenezi, ndipo kusowa kwake sikutanthauza kuti ntchito iipa. Dzanja lozolowera ndi limene limaposa zonse.

Tsopano tifike pa chisankho chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonse, kutalika kwa kawaya. Pali ta mamilimita 16, 20, 24, 28 mpaka 31. Kakafupi kamathera kutali ndi dera la besi, choncho mwayi wosunga kumva umakula. Koma kumvako kukadzatha, kawayako sikafika kokwanira kuti kanyamule mawu onse pakokha. Kakatali kamakwanira paliponse koma kamadutsa pomwe pali timaselo tamoyo. Mu 2014 bungwe la FDA la ku America, loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala, litavomereza implant ya Nucleus Hybrid L24, ya kawaya kakafupi, linanena kuti mwa anthu 50 a m'kafukufuku, 22 anataya kwambiri kapena kotheratu kumva kwa besi kukhutu loikidwalo, ndipo 6 mwa iwo anachitidwanso opaleshoni kuti asinthe implant. Ambiri m'kafukufukuyo anayamba kuzindikira mawu bwino kuposa kale, koma manambalawa amatiphunzitsa kuti ngakhale kawaya kakafupi si chitsimikizo.

Pachifukwa chimenechi madokotala ambiri amakonda njira yapakati: kawaya kofewa, kopyapyala, ka mamilimita 20 mpaka 24. Kameneka kamazungulira pafupifupi kamodzi m'cochlea, n'kuthera chapafupi ndi dera la 1000 Hz. Kamasiya nsonga ya besi, komanso kumva kutatha, katswiri amangosintha pulogalamu pa kompyuta kuti mawu onse azidutsa m'magetsi popanda opaleshoni ina. Kwa mayi wa zaka 43 amene adzakhale ndi implant imeneyi zaka zambiri, ine ndingatsamire kumeneko, koma audiogram ndi sikani yanu ndi zimene zigamule. Sikani ya CT imathandiza kuyeza kutalika kwa cochlea yanu, chifukwa mamilimita 24 m'cochlea yaing'ono amafika patali kuposa m'yaikulu.

Tengani ma audiogram anu onse kuyambira 2016 muwaike pamodzi. Ngati mzere wa besi wakhala pamalo amodzi zaka zonsezi, ndi nkhani yabwino, ndipo kawirikawiri kuwonongeka kwa kanamycin kumaima pakapita miyezi jakisoni atasiyidwa. Ngati ukutsika chaka ndi chaka, kumvako kukupita kale ngakhale popanda opaleshoni, ndiye kawaya kotalikirapo n'kanzeru. Muwerengenso chonchi: ngakhale opaleshoni itayenda bwino, kutsika kwa 10 mpaka 20 dB si kwachilendo. Ngati pa 250 Hz muli pa 30 dB, mukafika pa 50, ndipo kumeneko n'kumva kogwira ntchito. Ngati muli pa 70, mukafika pa 90, pomwe kupitirira 80 makina okweza mawu sathandizanso kwenikweni. Chinanso chokomera inu n'chakuti munaphunzira kulankhula musanagonthe, ubongo wanu ukudziwa kale mawu, ndipo kanamycin satseka njira ya m'cochlea ndi fupa monga amachitira matenda oumitsa khosi. Koma zaka zikamachuluka mtsempha wa pakhomo paja usakulandira uthenga, umafooka. Kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake.

Mukadzadzuka ku opaleshoni khutu lidzamveka lotsekeka, ngati mwamira m'madzi. Musadzafulumire kulira kuti kumva kwapita. Pakati pa khutu pamakhala magazi ndi madzi amene amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti aume, ndipo katswiri akayeza kudzera m'fupa amatha kuona ngati cochlea ikugwirabe ntchito. M'milungu yoyambayi musamine mwamphamvu, mukamayetsemula kamwa likhale lotsegula, musanyamule katundu wolemera, ndipo bala lisanyowe. Chizungulire cha masiku angapo, kulira kwa m'khutu, ndi kusintha kwa kakomedwe mbali imodzi ya lilime zimachitika ndipo nthawi zambiri zimatha. Kufooka kwa nkhope n'kosowa, sikufika munthu mmodzi pa 100. Katemera wa pneumococcus mulandire milungu iwiri kapena kuposa opaleshoni isanachitike, chifukwa implant imakweza pang'ono chiopsezo cha matenda oumitsa khosi.

Pakatha milungu 2 mpaka 4 amayatsa implant. Chipangizo chovala kunja chimakhala ndi mbali ziwiri: ina imatumiza mawu opyapyala kudzera pa kachipangizo komamatira kumutu ndi maginito kupita ku implant, ina ndi kasipika kolowa m'khutu kokweza besi. Katswiri amasankha malire pomwe besi ikuthera ndi magetsi akuyambira, potengera audiogram ya pambuyo pa opaleshoni. Malirewo akalakwika mawu amamveka obwerezabwereza kapena operewera, ndiye muzinena, amakonzeka. Masiku oyamba anthu amamveka ngati tizidole ta magetsi, ndipo s ya mwana idzakulasani m'mutu poti mwakhala zaka osaimva. Valani kuyambira podzuka mpaka pogona. Tsiku lililonse mwana mmodzi azikuwerengerani mokweza kwa mphindi 20 kapena 30, inu mukutsatira ndi chala pabuku, kenako buku litatsekedwa. Chitani zimenezi m'Chichewa komanso m'zilankhulo za kuntchito. Ambiri amaona kusintha kwakukulu m'miyezi 3 mpaka 6, ndipo kumapitirira mpaka chaka.

Chimene anthu ambiri sauzidwa mokwanira n'chakuti kumva kumatha kusungika pa opaleshoni n'kudzatsika pambuyo, patapita milungu, miyezi, ngakhale zaka. Thupi limaona kawaya ngati mlendo n'kukakuta ndi chipsera, ndipo chipseracho chimatha kuumitsa nembanemba ija. N'chifukwa chake besi iyenera kuyezedwa pa mwezi woyamba, wa 3, wa 6, wa 12, kenako chaka chilichonse. Mukadzaona kuti tsiku lina mwavula chipangizo ndipo khutu lamanja silikumvanso injini kapena liwu la amuna anu monga dzulo, pitani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Steroid amatha kubweza kumva ngati aperekedwa m'masiku oyambirira, koma pakapita milungu mwayi umachepa. Thamangiraninso kuchipatala mukaona kutentha thupi pamodzi ndi mutu waukulu kapena khosi louma, mafinya kapena madzi oyera akutuluka pabala kapena m'khutu, kutupa pamwamba pa implant, nkhope kupotoka, kapena chizungulire choopsa chimene chayamba mwadzidzidzi.

Kuteteza kumva kotsalako ndi ntchito yanunso. Kulikonse kumene mukalandire chithandizo muziyamba mwanena kuti makutu anu anawonongeka ndi kanamycin, kuti asakupatseni gentamicin, amikacin kapena streptomycin ngati pali mankhwala ena. Musathire mankhwala a m'khutu ogula nokha. Ngati mumasokera m'holo ya makina ambiri momwe anthu amachita kukuwa kuti amvane, funsani katswiri za zotsekera makutu zokuyenerani, pakuti phokoso limadya timaselo totsalato mwakachetechete. Ndipo musanalowe mu makina a MRI muzinena kuti muli ndi implant.

Ngati muli ndi maganizo odzabwerera kumudzi, lankhulani zimenezi musanasankhe kampani. Kuyeza makutu kumachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku kiliniki ya ABC ku Lilongwe, koma kusintha pulogalamu kumafuna zipangizo za kampani ya implant yanuyo, ndipo mabatire, timawaya ta kunja ndi chipangizo chovalacho zimatha n'kufuna kugulanso. Mudziwiretu kumene muzikazipeza ndi mtengo wake.

Mukapitanso kuchipatala pitani ndi amuna anu kapena wina womva bwino, ndipo mupemphe kuti mayankho akulembereni. Funsani dokotala kuti ndi anthu angati omva besi ngati inu amene wawachita, ndipo ndi angati amene patatha chaka akugwiritsabe ntchito kasipika ka besi. Funsani ngati adzalowera pa kazenera kozungulira, kawaya kadzakhala ka mamilimita angati ndi chifukwa chake, komanso ngati kawaya komweko kangakwanire pakokha kumva kutatha. Funsani chifukwa chimene asankhira lamanja, pakuti kawirikawiri amasankha khutu lofooka n'kusiya labwinoko. Ngati makina amene munayesa aja sanali a mtundu wotsitsira mawu opyapyala kubesi, pemphani kuyesa amenewo kwa mwezi umodzi kapena iwiri kenako akuyezeninso mawu. Ngati atavalidwa bwino mukutolabe mawu osafika theka, ndipo dokotala wayankha mafunsowa momveka, ine ndingakulangizeni kuti muvomere.